Nkhuti yadzaza, pokumba ina palibe: matenanti ndiwayambe bwanji za kusankha zinyalala?

Nachanza wa ku Makata:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya zinyalala, ndipo ndikufuna nzeru za anthu amene anayesapo pakhomo pawo, chifukwa za pa wailesi zija ndazimva mokwanira.

Ndimakhala ku Ndirande, cha ku Makata, pa puloti imene anatisiyira malemu bambo athu. Pali nyumba yanga ndi zina zisanu za lendi, bafa limodzi, zimbudzi ziwiri ndi mpopi umodzi. Tikawerenga ndi ana omwe timapitirira 20. Njira yolowera kwathu ndi yoti wilibala imadutsa mopanikizika, ndiye zoti kumabwera galimoto kudzatenga zinyalala kupita nazo ku Mzedi, ife timangomva kwa anzathu a ku Nyambadwe ndi ku Namiwawa. Kwathu chiyambire ndi nkhuti basi. Ikadzaza timafotsera n'kukumba ina pambali pake. Pano malo atha. Patsala pafupi ndi mpopi ndi pakhomo penipeni pa bafa, ndipo munthu wanzeru zake sangakumbe pamenepo.

Mwezi wathawu ndinaitana mnyamata kuti afukule pamene panali nkhuti ya nthawi ya bambo, poganiza kuti zonse zidawola kalekale. Khasu limangonjanja. Majumbo okhaokha, ena zilembo zake zikuwerengekabe, mapepala a shuga ndi a sopo, zidutswa za patapata, meshi ya m'mutu. Makoko a mbatata ndi a nthochi amene tinkataya tili ana adasanduka dothi lakuda bii, lofewa bwino, koma lalukanalukana ndi mapulasitiki moti sungalithire pa bedi la masamba.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyang'anitsitsa zimene timataya. Gawo lalikulu ndi zowola: makoko, zosadzula za masamba, mamba a nsomba, mitu ya usipa, mkute, masamba a mango osesa pabwalo. Kenako phulusa la mbaula, limene khomo lililonse limatulutsa m'mawa ndi madzulo. Zosawola si zambiri pozinyamula, koma ndi zimene zimafufuma n'kudzaza dzenje: mabotolo, majumbo, ndi mapampasi a makanda awiri a pa mpanda pano. Ndiye ndinaganiza kuti zowola zikamapita pazokha, phulusa pakepake, mabotolo n'kupeza wowatenga, nkhuti imodzi ikhoza kutisunga zaka.

Ndinakoloweka masaka atatu kukhoma, n'kuzungulira khomo ndi khomo kufotokoza. Onse anavomera bwinobwino, "chabwino amayi, tamva amayi." Posakhalitsa saka la mabotolo linali ndi mkute ndi pampasi momwemo, ntchentche zili mbwee. Bambo wina wa kabaza anandiuza mosapsatira kuti iye amalipira lendi, sanalembedwe ganyu ya zinyalala. Mayi wina ndinamumva akuuza mnzake pa mpopi kuti alandilodi apeza geni, akufuna azigulitsa mabotolo athu ndalama n'kumadya okha. Mawu amenewo anandikhudza, chifukwa ngakhale kogulitsa mabotoloko sindikukudziwa.

Aneba ambiri kuno amapatsa ana kandalama kuti akataye saka kukada. Tonse timadziwa kuti sakalo limathera mu Nasolo kapena mu ngalande ya kumsewu, kungoti sitinena. Mvula ikagwa ngalande ija imatseka, madzi n'kukhotera kwathu, ndipo nyumba yanga ya kumunsi ndi imene imamwa. Sindikunena kuti majumbo ndi amene adagumula phiri la Soche nthawi ya Freddy mu 2023, ayi, imeneyo ndi nkhani ina. Koma madzi olowa m'nyumba pa mvula wamba ya mu Januwale, amenewo ndi ntchito ya manja athu.

Lendi sindikufuna kukweza, ndipo kuthamangitsa munthu chifukwa cha makoko a nthochi sindingathe. Ena mwa matenantiwa takhala nawo zaka, tidalira nawo maliro. Ndiye ndithandizeni: anthu akuluakulu ngati amenewa mumawayamba bwanji popanda kukangana? Manyowa pa malo opanikizika chonchi sanganunkhe mpaka aneba kukandinenera kwa amfumu? Mabotolowa alipodi ogula? Nanga mapampasi ndiwatani? Amenewa ndiye andithetsa nzeru.

Mlangizi Wopuma, Area 25:

Mayi Nachanza, zikomo pofunsa. Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'midzi mpaka kupuma, ndipo pano ndili ku Lilongwe pa puloti yosaposa yanuyo. Ndiyankha za manyowa ndi phulusa, zinazo ena athandize.

Fungo limabwera pa zifukwa ziwiri zokha: madzi achuluka, kapena mwaikamo zosayenera. Mkute, mafupa, matumbo a nkhuku, msuzi wotsala ndi chilichonse chamafuta zisalowe pamulu. Zimenezo ndi zimene zimaitana makoswe ndi agalu. Pezani woweta nkhuku za lokolo kapena abakha kufupi nanu, mumuikire kachidebe kotseka, azibwera kudzatenga yekha madzulo. Akaona kuti ziweto zake zikudya ulere simudzachita kumukumbutsa.

Pamulu pazipita makoko a mbatata, a nthochi, a mazira, masamba a tiyi, zosesa pabwalo ndi makatoni ong'ambang'amba ochotsa tepi. Lamulo lake ndi loti chonyowa chilichonse chifunditsidwe ndi chouma. Mwathira beseni la makoko, pamwamba pake thirani masamba ouma kapena utuchi wa kwa akalipentala, kenako kadothi pang'ono. Dothi la nkhuti yakale mwafukulalo musalinyoze. Bwerekani sefa ya mchenga kwa omanga, mulisefe, majumbo atsale pamwamba. Logwa pansilo ndi limene muzifunditsira, chifukwa muli kale tizilombo towoletsa.

Kumudzi tinkaphunzitsa manyowa a m'dzenje, a chimato omata ndi dothi kunja kwake, ndi a changu otembenuza pafupipafupi. M'tauni ine ndinangosanja njerwa zosamata, zipinda ziwiri zogundizana, chilichonse mita imodzi mbali zonse, n'kusiya timipata tolowera mpweya. Pansi ndimayala timitengo kapena mapesi kuti madzi asadikhe. Chipinda chimodzi chikadzaza ndimachisiya chipse, n'kumathira chinacho. Zikani ndodo pakati pa mulu. Mukaisolola patapita masiku angapo ikhale yofunda ndi yachinyezi. Ikatuluka yozizira ndi youma, wazani madzi otsukira mpunga kapena ndiwo, osati a sopo. Ikatuluka yoterera ndi yonunkha, tembenuzani mulu wonse n'kuonjezera zouma. Dzinja vindikirani ndi lata lakutha. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukhala ndi manyowa onunkhira dothi, ndipo aneba sadziwa n'komwe kuti pali kanthu.

Phulusa musalikhuthulire pamulu lonse. Kuwaza pang'ono kuli bwino, koma likachuluka limathamangitsa chakudya chimene chimabiriwitsa masamba. Lizikhala m'saka lakelake pouma, mutaonetsetsa kuti makala azimiratu. Lina muziwaza m'chimbudzi, limachepetsa fungo ndi ntchentche. Lotsalalo lili ndi eni ake. Kuchokera pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza lafika poti ambiri saligula lathunthu, ndiye alimi atembenukira ku manyowa a Mbeya. Kapangidwe kake, ngakhale ena amasiyanitsa miyeso pang'ono, ndi makilogalamu 20 a gaga, 20 a ndowe kapena zitosi zouma, 10 a phulusa losefa ndi 10 a feteleza, kuwaza malita 5 a madzi, kusakaniza, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kuti mpweya usalowe, n'kusunga pamthunzi masiku 21. Mwaona kuti phulusa lanulo ndi gawo la feteleza wa munthu wina.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu loyamba. Pa ntchito yanga yonse sindinaonepo munthu akupitiriza chinthu chifukwa choti mlangizi wanena kuti n'chabwino. Amavomera pamaso panu mwaulemu, mukachoka n'kubwerera zakale. Masaka anuwo analibe mwini, nchifukwa chake adasakanizidwa. Pa matenanti asanuwo sipangalephere wina amene amalima kwawo ku Chiradzulu kapena ku Thyolo. Muitanitseni payekha, mumuuze kuti manyowa ndi phulusa la pa mpanda pano ndi zake, azitumiza kumudzi pofika Okutobala. Mudzaona yekha akukalipira ana otaya jumbo pamulu, ndipo inu mudzapuma. Amene alibe munda muwadzazire saka la manyowa osakaniza ndi dothi pakhomo pawo, mubooleboole m'mbali, abzalemo mpiru kapena chayinizi. Mayi amene wathyola ndiwo pakhomo pake kawiri safunanso kuuzidwa kumene makoko amapita.

Wamabotolo wa ku Limbe:

Masteni, pepani ndiseke kaye za mayi akuti mulemera ndi mabotolo uja. Botolo la pulasitiki ndi mphepo yokhayokha. Kuti ukwanitse kilo imodzi umafunika mabotolo a theka la lita 40 kapena 50. Saka lodzaza tho umalinyamula ndi chala chimodzi, ukafika pa sikelo nkhope imagwa. Ine geni imeneyi ndi imene imandidyetsa, koma chifukwa ndimazungulira malo ambiri, osati mpanda umodzi.

Misika yake ilipo iwiri. Woyamba ndi wa anthu ofuna botolo lathunthu: azimayi a thobwa, ogulitsa mafuta ophikira oyeza, a sopo wamadzi, a palafini. Amenewa amagula limodzilimodzi, ndipo mtengo wake ndi wabwinoko, koma botolo likhale losaphwanyika, loyera, ndi chitsekero chake. Lopanda chitsekero kwa iwo ndi zinyalala. Wachiwiri ndi wa ogaya, amene amagula pa kilo. Kumeneko chimene chimalipira si mabotolo a zakumwa ayi, koma pulasitiki wolimba: mabeseni osweka, ndowa zong'ambika, mipando yothyoka miyendo, zigubu zobooka. Tembenuzani chinthucho muone pansi pake, nthawi zambiri pamakhala kachizindikiro ka ngodya zitatu kali ndi nambala mkati. 1 ndi mabotolo a madzi ndi zakumwa, 2 ndi zigubu, 5 ndi ndowa ndi mabeseni ambiri. Sasungunula pamodzi, ndiye ukapita nazo zosakaniza amakudula mtengo.

Za zitsulo ndiye inu a ku Ndirande musamafunse n'komwe. Mumsika mwanumo anthu amakhoma mbaula, ndowa ndi ziwaya kuchokera ku malata ndi migolo yakutha tsiku lililonse. Mapoto obooka ndi zitini za aluminiyamu amazifuna osungunula mapoto. Matayala amapita kwa odula malegeni ndi osoka nsapato. Zimene ine sinditenga ndi majumbo opyapyala aja ndi mapepala onyezimira a mabisiketi. Ndi zopepuka, zakuda, ndipo kuzitsuka kumadya madzi oposa ndalama yake.

Malangizo anga ndi awa: ndalama ya mabotolo isadutse m'manja mwanu ngakhale tsiku limodzi. Alandilodi akangogwira, nkhani yavuta kale. Sankhani mayi wolongolola uja kuti ndiye azisunga, ndipo matani pepala pakhoma la bafa, muzilembapo zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Zigule zinthu zoti aliyense azione ndi maso: babu la kubafa, tsache, loko wa pageti. Munthu akalowa kubafa usiku kukuwala amadziwa kuti mabotolo aja ndi amenewa.

Chenjezo limodzi. Ana asamagulitse okha zitsulo. Mwana akangodziwa kuti chitsulo ndi ndalama, khasu la aneba limasowa, mawa poto wa pathandala, mkuja chitsekero cha mita ya madzi. Ndaona mipanda itadana chifukwa cha zimenezi. Wogula azibwera tsiku lodziwika, akuluakulu alipo.

Mayi wa Zaumoyo, Bangwe:

Achimwene a mabotolo, pa nkhani ya thobwa ndikutsutsani pang'ono. Botolo lotoledwa mu ngalande kapena pa dzala, n'kungolitsukuluza m'beseni limodzi ndi anzake ambirimbiri, kenako n'kuthiramo thobwa, ndi njira imodzi imene matenda otsegula m'mimba amayendera. Kolera imene idayamba mu Malichi 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Tisaiwale msanga. Koma zimenezi zikuthandiza maganizo a mayi Nachanza, chifukwa botolo losungidwa kuchokera m'nyumba, losakhudzana ndi pampasi kapena matope, ndi labwino kuposa lotola. Likapita kwa a thobwa litsukidwe ndi sopo, kenako liviikidwe m'madzi a kolorini. Limene mudalowa palafini kapena mankhwala a mbewu lisabwererenso ku chakumwa, libooleni pansi kuti wina asanyengeke.

Tsopano mapampasi. Musawaponye m'chimbudzi. Sawola, amafufuma ndi madzi, chimbudzi chimadzaza msanga, ndipo tsiku lodzapopa amatseka paipi. Musawatenthenso, chifukwa ndi onyowa, amangofuka utsi tsiku lonse n'kutsala osapsa, agalu n'kuwamwaza. Chimbudzi cha mwanacho chikhuthulidwe m'chimbudzi, chifukwa chimbudzi cha khanda chimapatsira matenda chimodzimodzi cha wamkulu, ngakhale ambiri sakhulupirira. Pampasiyo ikulungidwe, imangidwe, ilowe mu ndowa yotseka, ndipo izikwiriridwa mu nkhuti n'kuthira dothi pamwamba nthawi yomweyo. Kunena kwina, nkhuti yanu yomalizayo isungireni zinthu ngati zimenezi zokha. Ngati pafupi pali chitsime, italikire mamita 30.

Polankhula ndi amayi a makandawo mupite mofatsa, ndipo musawayambe pagulu. Ena amaopa kusiya thewera la mwana pamalo podziwika kuti anthu oipa angalitenge, ena amati likapsa ndi moto mwana amatuluka zilonda kumatako. Mukawaseka sadzakuuzaninso, azingopita nawo kumtsinje usiku. Ndowa yotseka ya pakhomo pake pomwe, yoti iye yekha ndiye azikakhuthula n'kufotsera, imathetsa mantha amenewo. Ine ndimawalimbikitsanso kuti masana mwana azivala matewera ochapa, pampasi ikhale ya usiku ndi ya paulendo wa ku sikelo kapena kutchalitchi. Ndikawerengera nawo ndalama ya paketi pa mwezi, amamva msanga kuposa ndikanena za ukhondo.

China chimene simunafunse koma ndikudziwa kuti chimachitika pa mpanda wanupo, chifukwa chimachitika paliponse: kuyatsira mbaula ndi jumbo. M'mawa uliwonse mayi wawerama pa mbaula, mwana ali kumbuyo, pulasitiki ikudontha pa makala, onse awiri akupuma utsi wakuda uja. Zitsononkho, makatoni ouma kapena tinkhuni tong'alula zimayatsa bwinobwino. Chimodzimodzi kuvindikira mbatata kapena chimanga chowira ndi jumbo kuti zipse msanga. Masamba a nthochi kapena makoko a chimanga chomwecho amagwira ntchito imeneyo.

Mzika Yotopa:

Ine ndinene zosiyana ndi anzangawa. Mayi, mukudzivutitsa ndi katundu amene si wanu. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikironi 60, lidakhazikitsidwa mu 2015. Makampani adathamangira kukhoti n'kutenga chiletso. Khoti la Supreme lidagamula mu Julaye 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito. Gloria Majiga-Kamoto, womenyera zachilengedwe wa kuno, mpaka adalandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Pambuyo pake kudabweranso ziletso zina, milandu n'kumangozungulira. Zaka zonsezo majumbo amatuluka m'fakitale usana ndi usiku, ndiye lero tiziti wolakwa ndi mayi wa ku Makata amene wapatsidwa jumbo pogula tomato? Rwanda idaletsa mu 2008, Kenya mu 2017, ndipo kumeneko sadayambe ndi kuphunzitsa matenanti kusankha zinyalala. Adatseka kumene zimachokera.

Mu Novembala 2020 a Chakwera adakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Tidaona mabwana atavala magolovesi, matsache atsopano m'manja, makamera akujambula. Lero ndi angati akulikumbukira? Kusesa kopanda kotayira ndi kungosamutsa zinyalala kuchoka pakhomo pako kupita pakhomo pa mnzako. Mphamvu mukuthera pa masakazi bwenzi mutasonkhanitsa anthu a m'dera lanu kukafunsa khansala wanu kuti chibini chachikulu chiikidwe pamsewu, ndipo chizichotsedwa chikadzaza. MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, ilipo, makhonsolo alipo, misonkho ya pamsika imatoleredwa tsiku ndi tsiku. Afunseni amenewo.

Nachanza wa ku Makata:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza.

A Mzika Yotopa, zambiri mwanenazo sindikutsutsa. Za tsiku losesa ndiye ndidaziona ndi maso: tidasesa, tidaunjika milu m'mbali mwa msewu, madzulo wina adaiyatsa moto, ndipo utsi wake tidagona nawo. Kwa khansala tipita, ndalankhula kale ndi amfumu a dera lathu kuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano. Koma nkhuti yanga siidikira chigamulo cha khoti. Ngakhale jumbo lomaliza litatha mawa m'dziko muno, makoko, phulusa ndi mapampasi zikhalapobe, ndipo zimenezo sizichokera ku fakitale ya majumbo. Komanso chibini chija chikadzabwera, chikamalandira zowola zonse za Makata chidzadzaza tsiku limodzi n'kuyamba kununkha. Zowola zikamatsala m'mipanda mwathu, ndiye kuti ngakhale chibinicho chidzapuma.

Pa majumbo penipenipo, ife azimayi tili ndi mbali yathu imene sitingaikankhire kwa wina. Mayi anga ankapita kumsika ndi dengu, mafuta ankagulira m'botolo lawo, nyama ankaikulunga m'pepala. Ine ndikapita kumsika wa Ndirande ndimabwera ndi majumbo asanu ndi limodzi kapena kuposa: la tomato, la anyezi, la bonya, la makala, lina lonyamulira anzakewo. Ukakana jumbo wogulitsa amakuyang'ana modabwa, ena amaganiza kuti wakwiya. Telala wa pa mpanda woyandikana nafe amasoka zikwama za masaka a ufa, zogwirira zake zolimba, ndipo ndamuuza kuti andisokere zisanu ndi chimodzi, khomo lililonse chimodzi, yanga ndi ya matenanti. Ndiwapatsa ngati mphatso, osanenapo chilichonse cha zachilengedwe. Mayi akakhala nacho chikwama chokongola amachinyamula yekha.

Bambo Mlangizi, mwandiseketsa chifukwa munthu wolima kwawo pa mpanda pano ndi bambo wa kabaza yemwe uja, wokana ganyu ya zinyalala. Kwawo ndi ku Chiradzulu, ndipo chaka chatha anachedwetsa lendi miyezi iwiri chifukwa chogula feteleza. Ndinamuitana dzulo madzulo, ndinamuwerengera za Mbeya zija pa foni. Sanayankhe zambiri, anangofunsa kuti gaga ndi wa chigayo chilichonse kapena ayi, kenako anafunsa ngati phulusa la nyumba zonse likhala lake yekha. Ndinati eya. M'mawa uno ndapeza saka la phulusa lasunthidwa, laikidwa pansi pa khonde lake pouma. Njerwa zotsala pomanga chimbudzi zilipo, ndiye zipinda ziwiri zija timanga kuseri kwa nyumba ya kumtunda. Funso langa kwa inu ndi la utuchi: wa matabwa opaka mankhwala a chiswe ulibe vuto? Akalipentala a kuno amasakaniza zonse.

Mayi wa Zaumoyo, za mantha a thewera zija mwalasa. Mmodzi mwa amayi a makandawa ndi mtsikana wamng'ono, mwana wake woyamba, ndipo apongozi ake amabwerabwera. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake amatuluka ndi kajumbo m'bandakucha. Ndimuyamba ndekha, ngati mayi ake, osati ngati alandilodi. Za kuyatsira mbaula ndi jumbo ndiye pa mpanda pano palibe khomo losachita, ndipo nkhani imeneyo ndikaitengera ku banki m'khonde Lachitatu, chifukwa kumeneko azimayi timamverana kuposa pa msonkhano wa amfumu.

Achimwene a ku Limbe, zoti ndalama azisunga mayi wolongolola uja poyamba ndinati mukuchita nthabwala, koma ndaganiza, ndi nzeru. Amadziwa kuwerengera, ndi amene amatolera za bilu ya madzi, ndipo palibe amene angamubere. Kuseri kwa bafa kuli mabeseni osweka ndi mipando iwiri ya pulasitiki imene yakhala pamenepo chimwalirireni bambo. Kodi ku Ndirande mumafika? Nanga mabotolo agalasi osabweza aja, ndi magalasi osweka, mumatenga?

Mlangizi Wopuma, Area 25:

Utuchi wa matabwa opaka mankhwala kapena penti usalowe pa manyowa a ndiwo, mayi. Pitani kwa ocheka matabwa aawisi, kapena ingodalirani masamba a mango ndi makatoni, akukwanirani. Gaga ndi wa chigayo chilichonse, bola akhale wouma, wopanda nkhungu. Muwauze bambowo kuti Mbeya amapangidwa kutatsala mwezi kuti athire, asapange lero n'kusunga mpaka Disembala.

Wamabotolo wa ku Limbe:

Ku Ndirande ndimafika Loweruka, masteni, koma wilibala yanga siyikwera mtunda chifukwa cha mipando iwiri. Uzani mipanda ina itatu kapena inayi yoyandikana nanu isonkhanitse pamodzi, ndipo mabotolo ophwanyika muwapondeponde kuti saka lilowe ambiri. Abwinobwino musaponde, zitsekero zikhale pomwepo. Agalasi athunthu okhala ndi pakamwa papakulu sungirani azimayi a uchi, chiponde ndi tsabola wa kambuzi, amawasowa. Osweka ine sinditenga, amang'amba masaka ndi manja omwe. Aikeni m'chitini pamalo poti ana safika, ndipo mukamva kuti wina akumanga mpanda wa njerwa mukamuuze, amawafuna pamwamba pa khoma.